Anadzutsa Njinga Apolisi Asanafike

Pabenchi ya odikira dokotala wa mafupa ku Ouagadougou, bambo wina woyendetsa takisi anayang'ana bondo lotupa la mayi amene anakhala naye pafupi.

"Pepani, mayi. Galimoto?"

"Galimoto, bambo. Ndinali panjinga ndi dengu la tomato, m'kanjira kathu ka apanjinga. Woyendetsa galimotoyo anangokhota osayang'ana."

"Ndiye wolakwa ndi iyeyo. Apolisi atajambula pamsewu ndi choko anati chiyani?"

"Sanajambule. Njinga ndinaidzutsa ndekha."

"Mayi, njinga sadzutsa apolisi asanafike."

"Ndimadziwa. Koma woyendetsayo atatsika m'galimoto anandifunsa dzina la kwathu. Nditati Sawadogo, anati, 'Iwe Mmosi, kapolo wanga, ukufuna kundiphwanyira galimoto?' Anali Msamo. Mukudziwa nokha, ife a mitundu ya Amosi ndi Asamo timanyozana moseka ngati pachibale, sititengerana kupolisi."

"Ndiye munaseka."

"Anthu onse anaseka. Ine ndikanatani, kumalira ndekha pamsewu? Ndinamubwezera kuti Msamo sadziwa chiwongolero, amangodziwa nyama ya galu. Ananditolera tomato, n'kupita."

"Nambala ya galimoto munaiona?"

"M'bale wako ungamuwerenge nambala?"

Bambo uja anapukusa mutu. Mayi uja anapitiriza.

"Ino ndi sabata yachitatu sindinapalase njinga, malo anga kumsika akhalapo ena. Apolisi akuti popanda chojambula palibe mlandu."

"Mwina abwera kudzakuzondani, poti ndi m'bale."

"Sanafunse komwe ndimakhala, bambo. Anangofunsa dzina."