Wayilesi Itapsa Katatu ku Chileka

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikukupatsani moni nonse. Ndikufuna ndikuuzeni za sabata imene ndinatsala pang'ono kumangidwa pa mlandu umene sindinapalamule.

Inali nthawi ya Chitaganya, dziko litatentha. Ndinkagwira ntchito pakampani ina ya fodya pafupi ndi Chileka, m'kanyumba ka wayilesi yolankhulirana ndi maesiteti akutali. Wayilesiyo inali ndi mavalavu, timababu tagalasi timene timakulitsa mphamvu ya mawu asanakwere pamlongoti. Mvula itangotha, makinawo anayamba kudya magetsi modabwitsa. Jenereta inkabuula, mavalavu ankafiira ngati makala, koma a kuesiteti ankangoti sakutimva. Mavalavu atatu anapsa motsatizana.

Masiku amenewo anthu ankatengedwa osatsanzika, ena chifukwa chongowaganizira kuti adula mawaya a foni. Lachinayi bwana wathu, mzungu wosakonda kulankhula, anaima pakhomo n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anati valavu yotsala ndi imodzi, ndipo ikapsa Lolemba andipereka kwa apolisi monga wowononga dala. Anzanga anasiya kudya nane. Wina anandinong'oneza kuti popeza makolo anga anachokera kwa Apwitikizi, ndikatuluka m'ndende adzanditaya kumalire, dziko limene sindinalionepo.

Loweruka ndinakweza mkazi wanga Esinati ndi khanda lathu panjinga kukawasiya kwawo ku Lirangwe, kuti asadzaone ndikumangidwa. Titayandikira msika tcheni chinaduka. Pamenepo mtima wanga unasweka, ndinagwada m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo, ndinati Ambuye, nzeru zanga zatha, mwana uyu asakule wopanda bambo.

Tinakankha njinga mpaka kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa bwemba, dzina lake a Yotamu. Ataona maso a Esinati anafunsa ngati kwagwa maliro. Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa, pakuti masiku amenewo munthu wachilendo sunkamuuza kanthu, koma ndinafotokoza zonse. Iwo anaika sipanala pansi. Anati pankhondo ya Hitila ankanyamula wayilesi ya asilikali kunkhalango za kutsidya kwa nyanja.

"Achimwene, mwakhala mukufuna matenda m'nyumba pamene ali panja," anatero. "Mphamvu ikakanika kutuluka pamlongoti imabwerera, ndiye imaotcha mavalavu. Kakwereni mukaone polumikizira waya. Mukakonza, mukapotoze kachitsulo kotchunira pang'onopang'ono mpaka singano ya mita yoyezera magetsi itsike pansi penipeni. Pamenepo makina amadya pang'ono koma mawu amapita kutali."

Lolemba m'mawa ndinapeza galimoto ya apolisi itaima kale pageti. Ndinapempha bwana ola limodzi, iye anayang'ana wotchi yake n'kuvomera. Ndinakwera mlongoti, ndipo pamwamba ndinapeza waya wamkuwa utadyeka ndi dzimbiri lobiriwira, utangogwira ndi timawaya tiwiri. Ndinapala, ndinaotcherera, ndinatsika. Titayatsa makina ndinapotoza kachitsulo kaja, wapolisi ataima kumbuyo kwanga. Singano inakwera kaye, valavu inayamba kufiira, ndipo ndinamva bwana akusuntha phazi. Kenako singano inagwa. Kufiira kunazilala, jenereta inayamba kulira mofatsa, ndipo kalaliki wa kuesiteti anayankha momveka ngati ali m'chipinda momwemo.

Bwana sanapepese. Anatuluka kukalankhula ndi apolisi, galimoto inachoka yopanda ine. Ndinakhala pansi pasimenti n'kulira ngati mwana.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu wa manja a girisi amene sindinkamudziwa. Inu amene mukunamiziridwa lero, amene anzanu akukuthawani, musaleke kupemphera ngakhale tsiku loweruzidwa litatchulidwa kale. Lachitatu lake ndinapita ku Lirangwe kukatenga banja langa, ndipo mwana uja ndinamulera ine bambo wake mpaka anakula. Ambuye alemekezeke. Ameni.