Mbiri ya a Dunstan Matewere, Amene Anadzutsa Mfuti ya Bambo Awo

Malemu a Dunstan Matewere anabadwa m'chaka cha 1931 m'dera la mfumu yaikulu Kuntumanji, m'boma la Zomba. Anali oyamba kubadwa kwa a John Matewere, msilikali wa Keyala, ndi mayi Esnat Matewere.

Sukulu anaphunzira ku mishoni ya Domasi mpaka Sitandade 6. Atachoka kumeneko anapita ku Blantyre, kumene anaphunzira luso lokonza makina a taipi. Mu 1957 anamanga banja ndi mayi Rosina, amene ali nafe pano. Mu 1974 analembedwa ntchito ndi bungwe lina la mayiko ambiri kuno ku Nairobi, ndipo banja lonse linasamukira kudera la Pangani mumzinda uno. Ife ogwira nawo ntchito tinkawatchula kuti Fundi, kutanthauza mmisiri, chifukwa chinthu chimene ena ataya, iwo ankachitola, kuchipukuta, n'kuchifunsa chimene chikuchipweteka.

Mu 1976 bambo awo anamwalira kumudzi. Uthenga unafika kuno maliro ataikidwa kale, ndipo zimenezi zinawakhala pamtima. Pasanapite nthawi yaitali, tsiku lina ali ku Kibera kukagula makala, nkhalamba ina inawamva akung'ung'udza m'Chichewa, ndipo inawalonjera m'Chinyanja cha asilikali. Anali Mzee Marjan, Mnubi amene anamenya nkhondo limodzi ndi asilikali a ku Nyasalande. Atamva dzina la Matewere, Mzee anawagwira dzanja mpaka kunyumba kwawo, n'kulamula kuti akumbe pansi pa bedi.

M'chitini chimene chinatuluka munali mfuti yaing'ono ya m'manja, ija ya gudumu lozungulira, yakale kuposa nkhondo zonse ziwiri. Mzungu wina wamkulu wa asilikali anaipereka kwa a John chifukwa chomunyamula pamsana atavulala. Pobwerera kwawo a John sanaloledwe kuitenga, choncho anaisungitsa kwa mnzawoyo. Nthawi ya Mau Mau, poopa kusechedwa, Mzee anaikulunga m'chiguduli n'kuikwirira, ndipo madzi a mvula anaipeza konko. Inali chibuma cha dzimbiri. Gudumu linali litauma gwa, chogwirira chamtengo chitafumbwa.

Malemu anali munthu wa chilungamo. Asanaikhudze n'komwe, anakaionetsa kupolisi, podziwa kuti akhoza kugona m'chitokosi kapena kuchotsedwa ntchito. Kumeneko anaiseka. Anagwirizana kuti mpope wake awotcherere kuti isadzaombenso, ndipo anawalola kuisunga ngati chikumbutso.

Apo inayamba ntchito imene ana sadzaiiwala. Anaiviika m'palafini kwa miyezi, mumphika wa mayi umene sunabwererenso kukhitchini. Loweruka lililonse masana ankakhala pakhonde ndi mswachi wakale, nsanza ndi timasipanala tawo ta kuntchito, akuchotsa dzimbiri pang'onopang'ono kuti asafufute zolemba za pachitsulo. Mafuta a makina osokera ankatha m'nyumba mosadziwika bwino, ndipo mayi Rosina ankauza alendo kuti mkazi mnzawo ndi wachitsulo. Kasikuluwu kamodzi kanakana kwa chaka chathunthu. Sanakakamize; ankangokadonthezera mafuta n'kunena kuti chimene chagona zaka makumi atatu sachidzutsa ndi mbama. Chogwirira chatsopano anasema kuchokera ku kamtengo ka mlombwa kamene mng'ono wawo anabwera nako kuchokera ku Zomba.

Mu Ogasiti 1982, mzinda uno utasokonekera ndipo asilikali akuyenda m'makomo, mayi anapempha ndi misozi kuti mfutiyo itayidwe mumtsinje. Malemu sanakangane nawo. Anati ngati mayi akufunadi, aitaya, chifukwa banja ndi lalikulu kuposa chitsulo. Ndi mayiwo amene kenaka anaitenga, n'kuiika patebulo poyera pamodzi ndi chilolezo chake, kuti aliyense wolowa asaganize kuti akubisa kanthu.

Ntchito itatha chaka chotsatira, malemu anakwera nayo minibasi, imene kuno timati matatu, kupita ku Kibera. Mzee Marjan anali atasiya kuona. Anaipapasa, n'kuzungulitsa gudumu pafupi ndi khutu. Litalira kuti tye tye tye, anaweramuka pampando, n'kuchita sawatcha, nati: “John, wabwera.” Ana akuti tsiku limenelo ndi limene bambo awo analira maliro a agogo.

Pa za mpingo, malemu anabatizidwa ku Domasi, ndipo kuno ankapembedza ndi abale a Presibateriya, kumene anali mkulu wa mpingo. Khomo lawo linali lotsegula kwa ophunzira a ku Malawi, Mkhristu ndi Msilamu yemwe, ndipo ambiri mwa inu munadyapo pakhomopo musanazolowere mzinda.

Anayamba kudwala matenda a mtima mu 1986, koma ntchito sanasiye mpaka mwezi wathawu, pamene anagonekedwa m'chipatala. Anatisiya Lachiwiri, m'chaka chino cha 1988, mayi Rosina ali pambali pawo.

Asiya mayi Rosina, ana aamuna awiri, Spencer ndi Griffin, ana aakazi atatu, Dinah, Bessie ndi Modesta, zidzukulu zinayi, mng'ono wawo a Vitus, ndi mayi awo owabereka, mayi Esnat, amene akulira ali ku Zomba.

Fundi, manja anu agwira ntchito yokwanira. Apumule mu mtendere.