Mbatata Yophika pa Halowini

Pa Halowini ya 2005, usiku umene ana amayenda m'makomo kupempha maswiti, Vainess anazimitsa magetsi onse n'kukhala phee ngati m'nyumba mulibe anthu, ndipo mwana wake Tiffany anasekedwa kusukulu mpaka Khisimisi. Ndiye chaka chotsatira anamulonjeza mwanayo kuti chitseko chawo cha ku Lafayette Square chidzatsekulidwa ngati cha anthu ena onse, kupatula chinthu chimodzi: maswiti ayi. Vainess anali namwino wa odwala matenda a shuga, ndipo akati ayi, ngakhale mwamuna wake Edmond ankangotola chipewa n'kutuluka.

Dzuwa litapendeka, Edmond anatenga Tiffany, amene anavala ngati njuchi, kukazungulira naye m'makomo. Panyumba panatsala Vainess ndi mlamu wake Sosten, mng'ono wa Edmond, yemwe anali atangofika kumene kuchokera ku Malawi kudzaphunzira ku South Bend. Sosten anali munthu wabwino mtima, koma ukamuuza kuti adikire apa, umadzamupeza pomwepo ngakhale kugwe matalala.

Vainess anayala katundu wake patebulo: manachesi, timabokosi ta mphesa zouma, mapensulo ndi timiswachi ta mitundumitundu.

"Belu likalira, alamu, mutsekule, mumuponyere mwana chimodzi m'kachidebe kake. Basi."

"Akalowa akhale pati?"

"Salowa."

"Mlendo osalowa?"

"Si alendo. Ndi ana ovala zoopseza."

"Ngati zinyau?"

"Eya, ngati zinyau."

"Nanga zinyau zimaliza belu?" Sosten anakanda m'mutu. "Ana ake a yani?"

"A eni ake. Simufunsa."

Sosten anatola kamswachi kamodzi, n'kukayang'ana uku ndi uku ngati kagwa kuchokera kumwamba.

"Ndiye mwana wa eni ake wayenda mtunda wonsewo, ine ndimupatse ichi? Si kumuuza kuti m'kamwa mwake mukununkha kumeneku?"

"Ndi kumuthandiza."

"Kwathu akhoza kukaitana amalume ake."

"Kuno si kwanu, alamu."

Sosten anavomereza kuti zoonadi si kwawo. Kenako anafunsa chimene nyumba zinazo zimapereka, ndipo atamva kuti ndi maswiti, anafunsa mosalakwa konse chifukwa chimene iwo akumanira ana a anthu. Apa ndiye anaponda pamchira. Vainess anaika manja m'chiuno n'kuyamba ulaliki umene Edmond ankaudziwa pamtima: za mano obowoka, za ana onenepa opuma movutikira, za madala wina amene anadulidwa chala chakuphazi, kenako phazi, kenako mwendo wonse, zonsezi chifukwa cha shuga. Sosten anamvetsera kukamwa kuli yasa, akuyang'ana mapazi ake.

"Mwendo wonse?"

"Wonse. Maswiti ndi poizoni, alamu."

"Poizoni weniweni?"

"Weniweni. Ine ndikaona mwana ali nawo m'manja, mtima umandipweteka. Munthu wachifundo akhoza kungomulanda."

"Ndiye boma likudziwa?"

"Likudziwa, koma lili chete."

Sosten anapukusa mutu mwachisoni. Anangodandaula kuti nachesi limodzi silikhutitsa mwana, n'kufunsa ngati mbatata imene anaphika masana ili m'gulu la zabwino kapena la poizoni. Vainess, maganizo ali kubafa pakuti anali atangoweruka kushifiti, anayankha kuti chilichonse cha kumunda chimaposa cha kufakitale. Anatero n'kukwera m'mwamba kukasamba, akudziyamikira kuti mlamu wake wamva msanga kuposa achimwene ake.

Ali m'bafa anamva belu likulira kawirikawiri, ndipo anasangalala kwambiri. Ankaganiza za Tiffany akulowa m'kalasi mawa mutu uli m'mwamba. Anamva ndi kamwana kena kakulira, koma anati m'mtima mwake kaopa zigaza za anzake. Atamaliza kudzola, anazindikira kuti belu lasiya kulira. Anasuzumira pawindo. Msewu unali wodzaza ndi ana, koma aliyense akafika pafupi ndi nyumba yawo ankawolokera tsidya lina, makolo akuwakoka dzanja.

Anatsika masitepe awiriawiri. Sosten anali ataima pakhomo, m'manja muli beseni, nkhope ikuwala ngati munthu amene wachita ntchito ya Mulungu. Patebulo manachesi ndi timiswachi zinali momwemo, osakhudzidwa.

"Alamu, mwapereka chiyani?"

"Mbatata."

"Yotani?"

"Yophika. Yotentha bwinobwino, ndinaitenthetsanso."

"M'tizidebe mwawo?"

"Munati m'kachidebe. Koma poyamba sinkakwana, munali modzaza."

"Modzaza chiyani?"

"Poizoni uja."

Vainess anagwira mpando. Anafunsa pang'onopang'ono, ngati akufunsa wodwala amene wameza chinthu, kuti tsono mbatatayo inakwana bwanji. Sosten anafotokoza monyadira. Mwana aliyense akatambasula kachidebe, iye ankakalandira ndi manja awiri, n'kukhuthulira maswiti onse m'beseni, n'kuikamo mbatata yaikulu, n'kumubwezera. Ena ankalira, koma iye sanadabwe, pakuti ngakhale jekeseni ana amalira.

"Mwalanda ana a anthu maswiti?"

"Munati munthu wachifundo akhoza kulanda."

"Ndimangolankhula, alamu."

"Ndiye si poizoni?"

"Ndi poizoni, koma..."

"Ndiye ndachita bwino."

"Makolo awo anali kuti?"

"Pamsewupo. Abambo ena anabwera, ofiira kumaso ngati tomato. Ndinawapatsa mpando, anakana. Ndinawafotokozera za mwendo uja."

"Mwendo uti?"

"Wa madala aja. Ndinayambira pachala mpaka ntchafu. Kamwana kawo kanalira kwambiri, kaoneka kuti kanamvetsa."

"Atisuwa anthu amenewa. Atilipota kupolisi."

"Ayi, musade nkhawa. Ndinawauza kuti si nzeru zanga, mwini nyumba ndi namwino, ndiye walamula. Ndinawatchulira ndi dzina lanu lomwe."

Vainess anakhala pansi. Kulakwa sanavomere, pakuti chibadwire sanavomerepo, koma anaona kuti njira ndi imodzi yokha: kutenga maswitiwo, kuthamanga nawo mumsewu, kubwezera mwana aliyense n'kupepesa, mbiri isanafike kwa anzake a Tiffany. Analanda beseni m'manja mwa Sosten. Munali mopanda kanthu.

"Ali kuti?"

"M'bini panja."

"Katengeni."

"Ndathiramo mankhwala ochapira zovala aja."

"Chifukwa chiyani?"

"Agalu a anthu angadye. Mwendo wa galu ndi waung'ono, alamu, sungachedwe."

Pamenepo mpamene Vainess anamva fungo lochokera kukhitchini, fungo lakwawo, limene tsiku lina lililonse likanamusangalatsa. Anayang'ana pakhonde pamene Tiffany anaika dzungu lake, limene analiboola yekha maso ndi mano dzulo lake, lilime lili panja chifukwa cha khama. Pamalopo panatsala kandulo yokha.

"Dzungu la mwana lili kuti?"

"Pamoto. Mbatata inali kutha."

"Linali lokongoletsera."

"Chakudya chokongoletsera? Linali litabooka kale, likanawola. Ndachotsa mobookamo, kwinako kuli bwinobwino."

Vainess anapita pawindo kuti mpweya umupite. Anasuzumira kunja. Kumapeto kwa msewu kunkabwera kanjuchi, mapiko akugwedezeka, kakutsogolera gulu la ana a m'kalasi mwake, omwe aja anamuseka chaka chatha. Tiffany ankaloza nyumba yawo monyadira. Kenako mnyamata wina wovala ngati chigaza anathamangira gululo, n'kuwaonetsa chinthu m'kachidebe kake. Gulu lonse linaima. Tiffany anakoka dzanja la mnzake wina, mnzakeyo anakana. Anakokanso wina, nayenso anakana. Edmond anaima kumbuyo kwawo chipewa chili m'manja, akuyang'ana kumwamba.

Vainess anamva chisoni chenicheni, chimene sichifunsa kuti wolondola ndani. Mwana wake anali ataima yekha pakati pa msewu.

"Alamu, thamangani kusitolo mukagule maswiti."

"Ine?"

"Inu. Thumba lalikulu."

"Pepani alamu, ine sindigula poizoni."

"Ndikukutumani."

"Ngakhale munditume. Ndabwera kuno kudzaphunzira, osati kudzadula ana a anthu miyendo."

"Tsiku limodzi silidula mwendo."

"Madala aja anayamba tsiku lingati?"

Nthawi yokangana panalibe, ndipo sitolo inali kutali. Vainess anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, kenako anapuma mozama ngati munthu amene akukaulula kwa abusa. Anakoka mpando mpaka pafiriji, anakwera, anatsegula kabati yam'mwamba, anasuntha thumba la mpunga, n'kutsitsa chitini chachikulu cha mabisiketi. Atachivundukula, munali chokoleti chokhachokha mpaka pakamwa: chamtedza, chamkaka, china chokutidwa m'mapepala agolide. Apa mpamene namwino wa matenda a shuga ankadzitonthozera akaweruka shifiti yowawa, anthu onse ali kwina.

Sosten anasuzumira m'chitinimo, kenako anayang'ana mapazi a mlamu wake kwa nthawi yaitali.

"Mwalanda odwala anu?"

"Ndi changa."

"Chanu chosungira umboni?"

"Chodya, alamu. Ndimadya. Sunthani ndidutse."

"Chonsechi nokha? Achimwene akudziwa?"

"Mukawauza, basi ya ku South Bend mukwera lero lomwe."

Anatuluka pakhonde, thaulo likadali kumutu, anayatsa magetsi onse, n'kukweza chitini m'mwamba akuitana anawo m'Chingelezi ndi mawu amene amaitanira odwala ogontha. Anawo anayang'anizana. Mnyamata wachigaza uja ndiye anayamba kusendera, akubisa kachidebe kake kumbuyo. Vainess anamutapira dzanja lodzaza, n'kuwonjezera lina lopepesera. Sipanapite nthawi, khonde lonse linadzaza mfiti, akalonga ndi amphaka, ndipo makolo ena amene anabwera kudzakomplena anapezeka akutafuna. Tiffany anaima pambali pa amayi ake, akuuza aliyense kuti iyi ndi nyumba yawo, ndipo awa ndi amayi ake. Vainess anamva misozi ikubwera, ndipo sanasamale kuti chitini chikutha.

Kumbuyo kwake anamva zipi ya jekete ikutsekedwa. Atacheuka, anaona Sosten atavala nsapato, beseni lili kukhwapa, akumuyang'ana ndi maso achifundo a munthu amene wamvetsa zonse.

"Gawani, alamu, musaope," ananong'ona. "Ine ndikawadikirira pakona."