Ukonde wakale unawapatsa mpumulo apongozi anga

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ine ndimachita manyazi kuyankhula pagulu, n'chifukwa chake ndalemba. Ndikufuna ndikuuzeni za nkhawa imene inagwira apongozi anga aamuna kuno ku Malindi.

Bambowa akhala msodzi moyo wawo wonse. Maso atayamba kuchita khungu anasiya kupita panyanja, ndipo mtima wawo sunakhalenso m'malo. Ankanjenjemera, kupuma mothamanga, n'kumazungulira pabwalo akuitana anthu amene anamwalira kale. Kawiri konse analowera kumsewu kumene kumathamanga njinga zamoto. Amuna anga ali ku Joni, ine ndinatsala ndekha ndi khanda kumsana. Mankhwala akuchipatala anathandiza pang'ono chabe.

Chinkandiwawa kwambiri n'chakuti mwambo sundilola kuwagwira. Mpongozi wamkazi ngati ine amagwada patali. Ndinkangowayang'ana akuvutika, misozi ikutsika. Achibale anagwirizana zoti tiziwatsekera m'chipinda ndi loko. Ndinangopemphera kuti, Ambuye, nzeru zandithera.

Tsiku lina m'mawa, lokoyo asanagulidwe, bambo anasowa. Ndinathamanga ndikulira mpaka kudooko. Ndinawapeza atakhala m'bwato lomangirira, mafunde akuligwedeza pang'onopang'ono, iwo ali phee, manja osanjenjemera. Pambali panali Che Yusufu, Msilamu, mnzawo wakale wa usodzi, akusoka ukonde.

"Musawatulutse, mayi," anatero Che Yusufu. "Mwana wanuyo akamalira mumatani? Simumamugwedeza? Awanso nyanja inawalera choncho."

Tsiku lomwelo Che Yusufu anabwera kunyumba ndi ukonde wakale. Anaupinda, n'kuumanga pakati pa mitengo iwiri ya mango, n'kuyalapo bulangete kuti bambo azigonapo, uziwagwedeza ngati bwato. Kenako anamangirira chingwe chachitali n'kundipatsa nsonga yake. "Muzikoka muli pomwepo. Ulemu wanu suchoka."

Sindinganame kuti anachira. Masiku ena amakana, ndipo ndimalirabe. Koma nkhawa ikawayamba, nthawi zambiri amapapasa okha mpaka kuupeza ukondewo. Ine ndimakhala pansi chapatali n'kumakoka, mpaka kupuma kwawo kutsike. Za loko palibe akuzinenanso. Dzulo anandifunsa ali chitsinzinire, "Kodi tafika pakuya?" Ndinati, "Tafika, bambo." Anagona.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene sindipemphera naye. Inu amene mukusamala okalamba amene mitima yawo ili m'mwamba, musataye mtima. Pempherani, ndipo muziyang'anitsitsa kumene iwo eni akuthawira.