A Chiboola, amene anatsitsa nyenyezi masana

Anamfedwa nonse, ine ndine mng'ono wawo wa malemu agona apawa. Ambiri mumawadziwa kuti a Chiboola, ndipo dzinali ankalinyadira. Anabadwa m'chaka cha 1961, oyamba mwa ana atatu, m'kanyumba ka kuseri kwa fakitale imene bambo athu ankalondera.

Sukulu analekezera fomu 2. Analowa ntchito pa shopu yodula magalasi a mawindo, mkazi yekha pakati pa amuna asanu ndi awiri, ndipo anagwirapo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Zipsera za m'zala zawo n'za kumeneko. N'komwenso anakumana ndi alamu athu, amene anadzagula galasi limodzi koma n'kumabwerabe tsiku ndi tsiku ngati mawindo akwawo akusweka okha. Anamanga ukwati mu 1984.

Bambo athu analibe wotchi. Nthawi ankaiwerenga pa nyenyezi, monga anawaphunzitsira makolo awo. Bambowo atachita khungu, akulu angawa anakhala nawo miyezi itatu, kope lili m'manja, kulemba dzina la nyenyezi iliyonse, kumene imatulukira, ndi zimene akale ankati imanena za mvula, kubadwa ndi imfa. Kenako anatseka mawindo a galaja ya pakhomo pawo, anaboola denga la malata ndi msomali, mabowo oposa zikwi ziwiri, n'kumatamo tizidutswa ta magalasi. Dzuwa likafika paliwombo, Mlalang'amba, Nsangwe ndi Nthanda zinkagwera pansi ndi pa zovala za aliyense wolowamo. Alamu ankangodandaula kuti galimoto yasowa pogona.

Kumpingo ankaimba kwaya ya amayi. Ena anawaneneza kuti akupembedza mizimu, ndipo anawaimitsa mgonero zaka ziwiri. Zinawapweteka, ine ndinawaona akulira, koma Lamlungu lililonse ankakhala pa benchi yakumbuyo. Ankati amene anapachika nyenyezi ndi yemweyo anapatsa makolo athu maso oziwerengera. Abusa atsopano atakadzionera okha m'galajamo, anatuluka chipewa chili m'manja. Zenera lalikulu lili kuseri kwa guwa lija ndi ntchito ya malemuwa.

Luso lawo linakaonetsedwa m'mayiko asanu. Kulikonse ankakana kuti mayina a nyenyezi amasuliridwe. Ankati alendo nawonso ali ndi lilime, aphunzire kutchula.

Anadwala shuga zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka impso zinafooka. Sabata yatha ali gone m'chipatala, anaitana anamwino n'kuwauza kuti galasi la pa zenera lawo linadulidwa mokhota. Atisiya Lachiwiri m'mawa, ine nditawagwira dzanja.

Asiya amuna awo, ana aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu, ine ndi mlongo wathu, komanso amisiri khumi ndi anayi amene anawaphunzitsa kugwira galasi osadzicheka.

Ntchito aigwira, atopa. Apumule mu mtendere.