Sitima zonse zinapitirira amuna anga ali m'madzi

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, a kuno ku Mushili m'Zambia muno ndi inu amene muli kutali. Ine ndine amake Tamanda, ndimagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika. Chaka chatha anthu ananditcha wamasiye amuna anga ali moyo. Mundikhululukire ngati mawu ena atuluke otentha, chifukwa mtima wanga sunazizirebe.

Amuna anga, a Yotamu, ndi owotcherera zitsulo. Atawachotsa ntchito kumgodi ku Kitwe, anakumana ndi bambo wina wa suti amene ali ndi kaofesi ku Itawa, wolemba anthu ntchito zakunja. Anawauza kuti pali malo pa sitima ya panyanja yonyamula tirigu, ndipo imayenda kumaiko ofunda. Linali bodza. Tiriguyo, pamodzi ndi mankhwala ndi majenereta, ankapita kudziko limene lili pankhondo, kudzera nyanja ya kumpoto kumene madzi amaundana ngati mwala. Anatumiza kumeneko munthu amene madzi aakulu omwe ankawadziwa ndi a mtsinje wa Kafue!

Akapeza mpata ankandiimbira. Ankati sitima zimayenda pamzere ngati magalimoto a maliro, zankhondo zikuzilondera kutsogolo ndi m'mbali. M'mawa uliwonse iwo ndi anzawo ankaswa madzi oundana pazitsulo ndi nyundo, kuopa kuti sitima ingalemere n'kugubuduka. Tsiku lina anandiuza lamulo limene linandisowetsa mtendere. Sitima imodzi ikaphulitsidwa, zinzake siziima. Yoimayo adani amaiphulitsanso, ndiye katundu sangafike kwa amene akumudikira.

Kenaka foni inangoti zii. Nditatopa n'kudikira ndinapita ku Itawa. Bambo uja anandisiya pabenchi mpaka dzuwa linapendeka, ndipo atandiitana sanakweze n'komwe maso pakompyuta yake.

"Mayi, sitima yawo inagunda bomba la m'madzi. Kumeneko munthu akagweramo sachedwa. Limbani mtima."

"Si inu munati kumaiko ofunda?" ndinafunsa.

"Anapita mwa kufuna kwawo, mukwai," anayankha ndi ulemu wa pakamwa chabe.

Ndinakankha tebulo lake, zonse zinali pamenepo zinagwa. Mlonda ananditulutsa chondikoka, ine ndikukuwa kuti msewu wonse umve kuti muno mumagulitsidwa amuna a anthu.

Uthenga unafika kwa achibale mofulumira. Alamu anga a Gerishomu anabwera kuchokera ku Garneton ndi kalole, ati tikhale maliro ngakhale palibe mtembo. Misozi yawo isanaume anayamba kufunsa za makina owotcherera a ang'ono awo, ati akandisungire. Ndinapita kukakhala pamakinawo n'kuwauza kuti ngati akuwakweza, andikweze pamodzi. Amayi a mpingo nawo anafika ndi mphasa ndi nyimbo zawo. Ndinawafunsa kuti, "Mwauona mtembo ndani?" Ananyamuka mwamanyazi, ena akunong'onezana kuti chisoni chandizunguza mutu.

Koma amene ndinamukwiyira kwambiri ndi Mulungu. Kutchalitchi ndinasiya. Pemphero langa linali mlandu wokhawokha. Ndinkamuuza kuti: Yotamu wakuimbirani m'kwaya chiyambire ubwana wake, agogo ake anachoka ku Malawi ndi buku la nyimbo m'thumba, lero mwamusiya afe ngati nsomba ya mufiriji chifukwa cha nkhondo ya eni ake? Tamanda akandifunsa kuti atate abwera liti, ndinkamukalipira mwana wosalakwa. Abale, ndinali woipa kukhala naye pafupi.

Masabata anapita. Tsiku lina masana ndili pamsika, ndikukangana ndi kasitomala pa mtengo wa jekete, foni inalira ndi nambala yakunja. Mzimayi wina anayankhula Chingerezi chovuta kumva, ndinangotolapo mawu oti chipatala. Kenaka ndinamva mawu ofooka.

"Amake Tamanda, ndine."

Ndinagwera pamulu wa zovala. Anzanga a pamsika anathamanga poganiza kuti ndakomoka, koma ine ndinali kukuwa dzina lawo.

Nkhani yonse anandiuza pambuyo pake. Sitima itaphulika, iwo ndi anzawo ochepa anakwera kabwato ka mphira. Zovala zonyowa zinauma gwa pathupi. Ali mmenemo ankaona sitima zinzawo zikudutsa, imodzi ndi imodzi, pafupi moti nkhope za anthu ankaziona. Ena ankavula zipewa, ena ankayang'ana kumbali. Wina anaponya bulangete, linagwera m'madzi. Palibe inaima. Mnzawo amene anawatsamira paphewa anasiya kunjenjemera, ndipo a Yotamu anadziwa kuti wapita.

Kumapeto kwa mzere kunali kasitima kakang'ono kokoka zinzake zikawonongeka. Woyendetsa wake anali mkulu wa imvi amene sankadziwa ngakhale kumene kuli Zambia. Akuluakulu a ulendowo anamulamula pawailesi kuti apitirire. Iye anakhotetsa kasitimako n'kubwerera yekha kumene bomba linali litangophulika, anyamata ake n'kuvuula a Yotamu ndi anzawo ndi ukonde. A Yotamu anafika kuchipatala osadziwa kanthu, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Bambo wa ku Itawa uja sanaimbeko foni ngakhale kamodzi kufunsa ngati pali amene anapulumuka. Anangowaika m'manda ndi pakamwa.

Anabwerera kuno opanda zala zitatu za dzanja lamanzere, kuzizira kunazidya. Akuphunzira kugwira chitsulo ndi zotsalazo, ndipo mageti awiri awotcherera kale. Ndinawafunsa ngati sawada anthu amene anawapitirira aja. Anati, "Tirigu anafika, amake Tamanda. Kuli ana amene anadya." Iwo anakhululuka. Ine ndikamawamangira mabatani a malaya m'mawa, mkwiyo umabweranso, ndipo ofesi ya ku Itawa ija ikadali yotsekula, ana a anthu ali pamzere panja.

Komabe ndaima pano kuthokoza. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mkulu wa imvi uja, amene sindidzamuona pansi pano. Ndikuthokoza amayi a mpingo amene ndinawathamangitsa, chifukwa ndinamva kuti anakapitiriza kupemphera kunyumba kwa mnzathu wina osandiuza. Kwa inu amene mwatopa, amene pemphero lanu lasanduka kukalipa, musaleke. Kalipani muli pamaso pake, osati mutamufulatira. Ine sindinamupatse mawu okoma ngakhale amodzi, koma pamene ndinkamuimba mlandu kuno ku Mushili, Iye anali atabweza kale kasitima kaja.

Ambuye akusungeni nonse. Amen.