Mpweya Unandithera Pansi pa Ukonde

Moni nonse abale mwa Ambuye. Chinali chaka cha 1974, ine ndili ndi zaka makumi awiri, pamene fodya anatsala pang'ono kundisiya pansi pa nyanja.

Kwathu ku Usisya ntchito yanga inali yotsika m'madzi kukawonjola ukonde ukakodwa m'miyala. Panalibe mnyamata wondiposa. Tinali ndi chizolowezi chathu: wotsikayo akavuuka, anzake a m'bwato ankamulandira ndi chingambwe choyatsa kale, chokulunga m'khoko la chimanga, ati utsi umatenthetsa chifuwa. Ine ndinayamba kusuta ndevu zisanamere. Kutsokomola kwa m'mawa ndinkati ndi mphepo chabe.

Tsiku lina dzuwa litakwera, nyanja ili bata, ukonde wa amalume unakodwa. Ndinatsika. Phazi linakulungika m'ukondemo, ndipo mpweya umene kale unkandikwanira unatha ndisanamasule. Sindinaope ayi. Madzi anali obiriwira, kuwala kukugwedezeka pamwamba ngati nsalu yoyanika. Tinsomba ta mawanga tinkandizungulira mwaulesi. Ndinamva ngati amayi akuyimba nyimbo ya kutchalitchi, kutali, kuseri kwa phiri. Tulo tokoma tinayamba kubwera. Mumtima ndinangoti, Ambuye, ndili pano.

Pamwamba anzanga onse anali atawerama, akuuzira khala la moto kuti andiyatsire fodya. Palibe amene ankayang'ana m'madzi.

Pafupi pankadutsa Ada Kamanga ndi kabwato kawo, mkulu wa mpingo wa imvi mbuu, amene tinkawaseka kuti akuopa utsi ngati njuchi.

"Mwana uja wavuuka?" anafunsa.

"Ada, ameneyo ndi ng'ona, pitani," anzanga anayankha choseka.

Ada Kamanga anangoluma mpeni nalumphira m'madzi. Nkhalamba ija inali ndi mpweya woposa wanga. Inadula ukonde, n'kundikoka tsitsi. Nditatsitsimuka m'bwato, mnzanga anandibweretsera ndudu ija kukamwa. Ada Kamanga anailanda n'kuiponya m'nyanja. Sindinasutenso.

Ndikuthokoza Mulungu amene anawadutsitsa pamenepo. Inu anyamata, kusiya fodya n'kowawa, ndikudziwa, koma pirirani ndipo pempherani. Iye amamva ngakhale pansi pa madzi.

Moyo anandibwezera. Zina sizinabwerere: ukonde wa amalume, ntchito yanga ya m'madzi, kumva kwa khutu lakumanzere, ndi anzanga atatu a m'bwato lija, amene anapitiriza kusuta mpaka chifuwa chinawatenga.